Mlonda wa Mpopi

A Njobvu anati nkhani za m'tauni muno n'zodula:
mtolankhani afuna ya basi, afuna ya foni,
nsapato zake zimathera mu Lumumba.
Ndiye tinalumikiza mpopi.
Kunabwera mnyamata wa ku Kabwata
ndi laputopu yomata ndi selotepi pakona,
anadinadina, anamwa tiyi wathu,
nati, "Basi, zizingobwera zokha."

Zimabweradi zokha.
Pakangopita mphindi khumi ndi zisanu
kadontho kofiira kamaphethira pagalasi,
nkhani n'kudontha, yosambasamba kale, yopesa tsitsi,
mutu wake uli pomwepo, chithunzi kumsana.

Ine ndine Tisauke.
Ofesi yathu ili pamwamba pa sitolo ya matayala,
kuseri kwa Cha Cha Cha.
Kale ntchito yanga inali kuvutitsa anthu ndi mafunso.
Lero ndimalondera mpopi.
Ndimadula chithunzi chikakula,
ndimasiya dzina la mwini nkhani pansi, monga mwa pangano,
pakuti suti yobwereka, ngakhale uvinire nayo paukwati,
mawa imabwerera kwawo.

Chipale chatseka msewu kudziko lomwe sindidzapondako.
Mtengo wa kopa wakwera kumsika wa kutsidya.
Galu wa munthu wina wolemera
wachitidwa opaleshoni, akupezako bwino.
Ndimawerenga zonsezi ndikutafuna chinangwa chootcha,
pansi pa zenera kondakitala akung'amba kukhosi:
Matero! Matero! wotsala mmodzi!

Lachiwiri mvula inagwa usiku wonse.
M'mawa foni inalira. Anali Zelipa, mwana wa azakhali, ku Kanyama.
"Madzi alowa mpaka m'mawondo.
Chimbudzi cha a Lungu chatitimira.
Satifiketi ya Ganizani ikuyandama ndi mapoto.
Iwe si wa nyuzi? Lemba."

Ndinalemba dzina la Kanyama m'kabokosi kofufuzira.
Mpopi unandiyang'ana.
Unandipatsa zigoli za mpira wa dzulo.

Inadzafika Lachisanu,
mizere inayi, yolembedwa ndi munthu
wokhala kumzinda wina wa nyengo ina:
"dera losauka kumadzulo kwa likulu."
Mayi mmodzi anatchulidwamo, dzina lake atalipotoza,
Zelipa wasanduka Zelpha.
Ndinakhala chete, chala chili m'mwamba.
Nkhani ya pakhomo pathu inakwera ndege,
inakavala jekete, n'kubwerera kudzatilipiritsa,
monga kopa amachoka kuno ali mwala
n'kubwera ali waya wa mtengo wapatali.
Ndipo pangano likuti usasinthe ngakhale chilembo chimodzi.

Sindikunyoza mpopi.
Unatidyetsa miyezi imene otsatsa malonda anathawa,
unadzaza mipata pamene tinatsala awiri mu ofesi,
ine ndi a Njobvu ndi ketulo yodontha.
Koma madzi a mumpopi sadziwa dzina la womwa.

Cha m'ma teni magetsi anathima, monga mwa ndandanda.
Kadontho kofiira kanafa.
Fani inazungulira kawiri n'kuima.
M'kabati yapansi, pansi pa malisiti,
ndinapeza kope langa lakale,
chikuto chake chodyedwa ndi mphemvu,
bolopeni ili chitsekeredwe pa tsamba la chaka chatha.

A Njobvu anati, "Ya basi alipira ndani?"
Sindinayankhe. Ndinavula nsapato za mu ofesi,
ndinabwereka magambuti kwa mlonda wa matayala,
aakulu, phazi likusambira m'kati.

Ku Kanyama madzi anali atatsika pang'ono,
atasiya mzere wakuda pakhoma lililonse
ngati mphunzitsi wadula mzere pansi pa yankho lolakwa.
Zelipa anali kuyanika matiresi padenga.
Sanandipatse moni.
Anayang'ana kope, anayang'ana ine,
nati, "Yamba ndi dzina.
Ze. Li. Pa.
Ndione mmene walembera."