Mphindi Khumi pa Malo Achisanu ndi Chiwiri

Hafu faifi, mame adakali pa nsapato,
ndaima pa malo achisanu ndi chiwiri.
M'kope la Mayi Sitali, amene adawerenga pano ine ndisanabadwe,
mudalembedwa: dambo, bango, mikuyu iwiri.
Ine ndaponda simenti.
Kumanzere mulu wa njerwa, kumanja thanki ya madzi,
minibasi za ku Chelstone zayamba kale kuitana pamsewu.

Lamulo lake n'losavuta:
mphindi khumi, osasuntha, osatsokomola,
lemba chimene waona kapena kumva wekha.

Apumbwa awiri pa waya wa magetsi.
Njiwa imodzi, ina ikuiyankha kuseri kwa laibulale.
Akhwangwala ndalekera pa khumi ndi asanu ndi anayi,
akulimbirana pepala la tchipisi pa bini.
Anamzeze amata timanyumba tawo pansi pa khonde la holo yatsopano,
iwo okha ndiwo alandira makiyi.

Nkhwali: ziro.
Nantchengwa: ziro.
Atchete, amene Mayi Sitali adangoti "osawerengeka"
n'kukanda mzere kawiri mpaka pepala kubooka: ziro.
Aphunzitsi amati ziro nayenso ndi nambala,
usachite naye manyazi, mulembe bwino.
Ndamulemba bwino, wobulungira
ngati dzira losukusa.

Mlonda, a Chisenga, afika bulangete lili paphewa.
"Mwana wa sukulu, iwe umabwera mochedwa.
Lumbe amalira pano usiku uliwonse
kuseri kwa makontena a kontilakita.
Dzulo adatera pafupi ndi mbaula yanga."
Ndawauza kuti fomu ilibe danga la zimene wamva wina.
Angoseka, apita kukasainira zoweruka.

Chimene sindinawauze n'chakuti
chipinda changa chili pamwamba pa hositelo
imene idakhalira bango lija.
Chaka chatha ndinkagona ku Kalingalinga, asanu chipinda chimodzi,
ndipo tsiku limene ndidalandira bedi langalanga
ndidavina, ndidaimbira foni amayi.

Wotchi yalira. Mphindi zatha.
Makina osakaniza simenti atsokomola kawiri, ayamba.
M'mphepete mwa fomu, ndi pensulo, tizilembo tating'ono:
lumbe, mmodzi, usiku, malinga ndi a Chisenga.

Ndapinda pepala, ndalunjika ku malo achisanu ndi chitatu
kumene mkuyu umodzi udakalipo,
wina ataumanga riboni yofiira m'chiuno.