Mvuu za ku Ely

Bambo Fincham saiwala mikunga.
Dzina la mwana wawo linawathawa chaka chatha,
langa amalitola m'mawa, pofika masana lagwa,
koma ndikawakhazika pa njinga yawo yokankha
n'kutsetsereka nawo ku mtsinje wa Ouse,
pakamwa pamatseguka ngati sitolo ya pa msika.

"Mzinda uno unali chilumba," amatero,
"madzi uku, madzi uko, bango ndi udzudzu.
Malungo ankagwetsa anthu konkuno."
Ndinaseka tsiku loyamba. Malungo ku Mangalande?
Usiku ndinafufuza pa foni, chikho cha tiyi chikuzizira.
Mkuluyo sananame.

Akuti kale lendi ya munda inali mikunga,
zikwizikwi, yotungidwa pa ndodo,
kupita nayo kwa amonke a pa phiri paja
pamene tchalitchi chaima ngati sitima yosowa nyanja.
Nsomba yomwe amayi ankakana kuiona m'mbale,
amvekere ndi njoka yovala madzi,
kuno inali ndalama.

Ndipo mkungawo si mbadwa ya kuno.
Umabadwira kutali, m'nyanja ya mchere, chakufupi ndi Amereka,
n'kubwera uli kanthu kowala ngati katsamba ka galasi.
Umakhala m'ngalande zaka khumi, makumi awiri,
kudya, kunenepa, osauza munthu kwawo.
Ndiye usiku wina wa mvula
maso amakula, mimba imafota,
ulendo wobwerera, osalawa kanthu njira yonse.
Mpaka lero palibe anauona ukuswana.
Apa ndinakhala chete.
Ndinawakonza bulangeti pa maondo.

Anaphwetsa dambo kuti alime,
nthaka inauma, inanyala, inatsika,
moti mtsinje tsopano umayenda pamwamba
minda ili pansi, ikuuyang'ana chagada.
Ku Holme anakhoma mzati mpaka mutu kulingana ndi udzu;
lero waima poyera, kutalika kuposa anthu awiri osanjikizana.
Mzati sunakule ayi.
Dziko ndilo linachoka.

Koma za mvuu ndinakana ndithu.
Ine wa ku Nsanje, mundiuze za mvuu?
Bambo anga ankagona m'dimba ndi chitini ndi muuni
kuteteza chimanga cha m'mphepete mwa Shire.
Loweruka lopuma ndinakwera sitima ya ku Cambridge,
ndinalowa m'nyumba ya mafupa akale,
ndipo inali apo, mano omwewo, chibwano chomwecho,
yofukulidwa m'mudzi wa Barrington,
ya zaka zoposa zikwi zana limodzi.
Ndinaiwerama pang'ono ngati mlamu.
Ndinati, a Mvuu, munayamba ndinu kubwera kuno?
Nanga kuzizira kutafika munalowera kuti?

Dzulo anamzeze anadzaza pa waya wa magetsi.
"Makolo athu ankati amagona m'matope
pansi pa dziwe mpaka dzuwa libwerere,"
anatero Bambo Fincham, chala chikunjenjemera m'mwamba.
"Chonsecho amapita kwanu."
Kambalame kolemera ngati masupuni anayi a shuga
kuwoloka nyanja, kuwoloka chipululu,
kopanda chiphaso, kopanda wokasainira,
mwina n'kumwera pa Dinde, mwina pa Ndindi,
pamene mwana wanga Tiyese amatunga madzi.

Mphepo inayamba kuluma makutu.
Ndinatembenuza njinga kuloza kumtunda.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yofunsa:
"Pepani mayi, paja ndinu ndani?"
Ndinati ndine Esinta, wa masiku onse.
"Mumachokera kutali?"
Ndinati kutali ndithu.
Anagwedeza mutu, maso ali pa madzi.
"Umabwerera," anatero. "Ukakhwima umabwerera."
Sindinafunse ngati akunena mkunga.
Chitunda cha Fore Hill n'chovuta ndi njinga,
ndipo mankhwala a folo koloko anali akutidikira.