Bolodi la ku Chiputula

Zaka zisanu ndi chimodzi lakhala pakhonde pano,
kumanzere kwa makina anga osokera:
chidutswa cha chitseko chakale
chomwe ndinadetsa ndi makala a m'batire.
M'mawa uliwonse, nkhungu isanayalule pa Kaning'ina,
ndinkalembapo mizere itatu, mwina inayi,
ndi choko chomwe chija cholembera m'chiuno mwa masiketi.

Poyamba ndinkabwereka.
Miyambi ya eni ake, mavesi oduladula,
mawu akuluakulu ngati jekete la pakaunjika
lomwe mapewa ake amagwera m'zigongono.
Anthu ankangodutsa.

Tsiku lina lendi itandigwira pakhosi
ndinangolemba kuti:
Singano yathyoka, mvula sikukata, ndatopa.
NyaMsowoya wa masuku anatula dengu,
nawerenga milomo ikuyenda,
nati, "Nane wuwo."
Anandisiyira masuku atatu pamakina.
Tsiku limenelo ndinadziwa muyeso wanga.

Kenaka anayamba kuima.
Mzondi wa sakaramento ankamanga mabuleki ndi chidendene,
kasitomala ali kumbuyo akudandaula za nthawi.
Bambo Chavula, mphunzitsi wopuma,
ankanyowetsa chala ndi malovu
n'kufuta pomwe ndaphonya,
osanena kanthu, osasoketsa ngakhale batani.
Ndinalakwapo.
Ndinalemba za ngongole ya mnzanga osatchula dzina,
koma Chiputula yense anamudziwa.
Chaka chathunthu ankadzera njira ya kuseri,
ndipo diresi lake likadali m'katoni, lopanda zipi.
Kuchokera apo ndimayeza kawiri ndisanadule.

Mawa ndikusamuka.
Ku Luwinga ndapeza chipinda cha windo lagalasi,
m'mbali mwa tala, magetsi ake akeake.
Mwininyumba wapaka kale penti wakuda pakhoma,
posalala, potambalala kuposa pano katatu.
Ndakaima pamenepo dzana, choko chili m'manja,
dzanja linauma.
Maminibasi a ku Ekwendeni amadutsa ngati akuthawa ngongole.
Ndani awerenge ali pa liwiro lotero?
Kumeneko palibe akudziwa za singano inathyoka ija.
Ndikafika ngati mlendo wa pamaliro,
woyamba wafunsa pokhala.

Dzulo madzulo kunabwera Penjani,
kamnyamata kaja kankatola tizidutswa tansalu pansi pa tebulo,
lero mawu anakhuthala, ali Fomu 3.
Anatulutsa makope awiri opindika m'makona.
Zonse zomwe ndinkafuta dzuwa likamalowa
iye ankakopera popita kusukulu.
Ndinawerenga mpaka kandulo kuthera m'mbale.
Masamba oyambirira anandiotcha kumaso:
ine amene, kudzitukumula chotere,
kulangiza dziko lonse ndili ndi ulusi umodzi!
Ndinagwira kuti ndiwang'ambe.

Ndinaleka.
Yunifolomu ya mwana sitidula nsalu yotsala,
timaipindira mkati mwa mpendero
kuti miyendo ikatalika tidzasomole.
Masamba amenewo akhale momwemo, mkati,
oipa, okhota, anga.

Makina akwera pa wilibala ya Mzondi wina,
nsimbi ndi sizasi zili m'chitenje.
Bolodi silipita.
Mvula ya mu Epulo inalipinda msana,
ndipo misomali yake yagwirana ndi khoma la eni.
NyaMsowoya walipempha kuti azilembapo mitengo.
Ndamuuza asiye kampata m'munsi,
mwina tsiku lina naye chidzamufika pakhosi.

Lero ndalemba komaliza,
pang'onopang'ono, kuti a Chavula asapeze chofuta:
Ndapita ku Luwinga, kupitirira chigayo pang'ono.
Bwerani ndi zong'ambika zanu.

Iwo afika cha m'ma teni, ambulera kukhwapa.
Awerenga kawiri.
Anyowetsa chala monga mwa masiku onse,
chaima m'malere,
kenaka achipukutira pa thalauza
nandifunsa mtengo wa minibasi.