Thumba la Kumanzere

Dzanja langa limapitabe lokha m'thumba la kumanzere,
likafika limapeza mtedza.
Machesi anasamuka masiku makumi anayi apitawo
koma dzanja silinamve uthenga.

Ndine Yelemiya wa ku Chamama, wosankha fodya.
Zala izi zimadziwa tsamba ngakhale mumdima:
ili la pansi, ili la pakati, ili lapsa ndi dzuwa.
Zaka makumi atatu m'chigafa.
Zoyoyoka pa jeke ndinkakulunga m'pepala la kope la mwana;
masamu ake a sitandade faifi
ndinawasuta onse.

Chifuwa chinayamba ngati mlendo waulemu,
kugogoda mbandakucha basi.
Kenako chinabwera ndi mphasa yake.
Pachitunda cha ku Mtunthama ndinatsika njinga n'kumakankha,
amayi osenza chimanga akundipitirira.

Mai Kalikokha, alangizi a zaumoyo, sanabwere okha.
Anabwera ndi wapampando wa kalabu yathu ya alimi,
mphunzitsi wa sekondale,
abusa ndi ashehe pabenchi imodzi,
ndi kadokotala ka kuboma
kamene chithunzi chake cha mapapo chinauluka ndi mphepo kawiri.
Tinaseka. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa,
onse n'kucheukira kwa ine.

"Sitinabwere kudzazula munda wa munthu," anatero mayiwo.
"Fizi ya ana ili m'menemo, tikudziwa.
Tadzera chifuwa."

Tsopano Lachitatu masana, pakhonde la chipatala
pomwe m'mawa amakwezera ana sikelo,
timakhala anthu asanu ndi anayi.
Chingwe cha sikelo chimalendewera pamwamba pathu
ngati nafenso tikudikira kupimidwa.
Aliyense amatchula masiku ake.
A Chikadza anagwa sabata yachitatu, pamaliro a mlamu wawo,
moto wa pasiwa uli pomwepo, usiku wautali.
Anabwerabe, maso pansi, malaya akuwaulula.
Palibe anawafufuta m'kaundula.
Tinangoyamba nawo kuwerenga: limodzi.

Palinso Tadeyo, wa kabaza wa njinga yamoto.
Sanagwirepo chingambwe, amati n'cha madala.
Chake n'kachitsulo kotchaja ngati foni,
utsi wake wonunkhira maswiti.
Ankati ndi nthunzi chabe, ankolo.
Koma tikakhala pamodzi
bondo lake ndi langa zimavina nyimbo imodzi.

Usiku wachisanu ndi chimodzi
ndinatukwana mbuzi, chitseko,
ndi Nagama amene sanalakwe kanthu.
Ndinayimba nambala yolembedwa kuseri kwa khadi,
mayunitsi ongokwana moni.
Anadula, n'kundiyimbira okha, tulo tili m'mawu:
"Imwani madzi. Tulukani mukawerenge mizere.
Chilakolako ndi kamvuluvulu, bambo,
sichimanga nyumba."
Ndinawerenga mizere makumi asanu ndi iwiri, opanda nsapato.
Pobwerera ndinali nditaiwala chomwe ndinatulukira.

Sindinama, ndikulimabe.
Dzulo ndinaperekeza mabelo anayi ku Chinkhoma.
Pakhomo penipeni fungo linandilonjera ndi dzina,
ngati bwenzi lakale limene likudziwa
kuti lero muli ndi ndalama.
Ndinayang'ana malata a denga.
Ndinatafuna mtedza mpaka nsagwada kuwawa.
Mtengo sunali wabwino.
Wapampando akuti chaka chamawa tiyese soya theka la ekala;
ndamuuza kuti tiona.

M'mawa uno Nagama wandipatsa tiyi
ndipo ndafunsa kuti wathiramo chiyani.
Wandiyang'ana nthawi yaitali.
Akuti ndi masamba a ndimu,
akuti wakhala akuthira
chikwatiranire.

Ndamwa pang'onopang'ono, osayankha.
Dzanja lapitanso m'thumba.
Njere zatsala zitatu.
Imodzi ndaponyera mbuzi ija.