Khoma la ku Colchester

Lachinayi linali tsiku langa la ofu.
Ndinachapa yunifolomu, nkuiyanika pa hita,
ndinakwera basi ndi Esinati
amene amadya tchipisi ngakhale mvula ikugwera m'pepala.

Wotiperekeza anali mayi wa ambulera yachikasu,
Gwenda dzina lake, wolankhula mothamanga
ngati wasiya nyemba pamoto.
Akuti khoma ili anamanga ndi Aroma.
Anabwera ndi zombo, misonkho ndi milungu yawo,
nalanda minda, nagawira asilikali awo opuma pantchito.
Esinati anandigunda ndi chigongono:
"Iwe, kani nawonso anali ndi atsamunda?"

Ndinagwira khomalo.
Njerwa zopyapyala ngati buledi wodula kale,
mizere yofiira pakati pa miyala,
ndere m'ming'alu,
ndi chingamu chomwe mwana wina anamatapo.
Kuzizira kwake kunandifikitsa ku Zomba,
pa masitepe a maofesi akale a boma
pamene agogo anga aamuna, a Chikhadwe, anali mesenjala,
chisoti chofiira kumutu, mapazi osavala,
khutu lili tcheru kudikira belu.

Pansi pa nyumba yamalinga anationetsa maziko a kachisi
amene eni dziko anamutentha atatopa nazo.
Ukakumba, akuti, phulusa likadalipo.
Tikiti yolowera inandidyera ola lathunthu
la kutembenuza nkhalamba pabedi,
koma ndinatsika ndithu, nditawerama,
kukanunkhiza mkwiyo wa anthu ena.

Kenaka timisewu topanikiza,
nyumba zotsamirana ngati anthu ochokera kumowa,
mitanda yakuda, zitseko zoti wamtali agwade.
Munkakhala owomba nsalu, anatero Gwenda,
othawa kwawo kutsidya la nyanja.
Obwera, ngati ife.
Esinati anasuzumira pawindo lina
nkufunsa kuti lendi yake ingakhale zingati.
Gwenda anaseka. Ife sitinaseke.

Pa chipata chakale, pamene pankadutsa magaleta a nkhondo,
ndinaima kuti andijambule,
jekete lonyowa, mano panja.
Ndinatumiza chithunzicho kwa malume ku Chinamwali.
Basi isanafike anali atayankha:
"Mabwinja chonchi, boma lawo silikonza?"

Ndinafuna kuwafotokozera.
Foni inalira, kuntchito, wina sanabwere,
kodi ndingagwire usiku?
Ndinavomera, dzanja lina lili pakhoma,
likutola kamchenga kofiira m'zikhadabo
kamene ndinakasamba ndisanavale magolovesi.