Tsiku Lokagula Mankhwala

Bambo anga Eusebio anasiya kugona chagada.
Amagona chokhala, mapilo atatu kumsana,
kukamwa kuli yasa,
poti akangoti adziwongole, madzi amakwera m'chifuwa.

M'mawa ndimawakweza pasikelo ya m'bafa.
Makilo awiri obwera usiku umodzi,
osati a chakudya ayi.
Ndikadina chala pakakolo, kadzenje kamatsala,
kamandiyang'ana mpaka khofi atazizira.

Dokotala wa ku El Centro anati mtima watopa.
Anati mchere ayi, zam'chitini ayi, muzidya zamasamba.
Bambo anaseka mpaka kutsamwa.
Zaka makumi atatu ndi zinayi akuwerama m'minda ya letesi,
kudula mitu yopita kumizinda imene sanaipondeko,
koma m'sitolo ya pafupi nafe ku Calexico kuno
chotchipa ndi supu wam'chitini ndi soseji.

Pepala la mankhwala lili ndi mayina asanu.
Inshuwalansi inatha limodzi ndi ntchito.
Ndiye timawolokera ku Mexicali,
kumene botolo lomwelo timaligula theka la theka.
Kupita n'kosavuta, kachitseko kachitsulo kamangozungulira.
Nkhani ili pobwerera:
mzere wa maola atatu m'mbali mwa mpanda wadzimbiri,
dzuwa likuswa mtengo, pokhala palibe,
chimbudzi chili uko, ndipo ukachoka malo ako apita.
Piritsi lochotsa madzi m'thupi silidziwa za mzere.
N'chifukwa chake tsiku lokagula mankhwala
bambo samwa mankhwala.

Kuchipatala analemba kuti satsatira malangizo.
Ndinawerenga ndekha pakompyuta nesi atatembenuka.
Sanalembe za lendi,
kapena bilu ya magetsi oziziritsa nyumba mu Julaye.
Sanalembe kuti Lachitatu ndinadula piritsi pakati
ndi mpeni wonunkha anyezi kuti lifike Loweruka,
kuti ndikajomba kolongedza karoti tsiku limodzi kuwaperekeza,
kapitawo Rigoberto pamalo panga amaikapo wina.

Pawindo la pamalire akufunsa:
Mwanyamula chiyani?
Bambo akukweza kajumbo ka mabotolo,
mawu akudikira mpweya ufike.
Madzi amene ali m'miyendo, m'mimba, pansi pa nthiti,
amenewo sawatchula, ndipo palibe awafunsa.
Akungowoloka nawo,
phazi limodzi, kupuma, phazi lina,
nsapato zosamanga zingwe,
dzanja lawo lolemera paphewa panga.