Funso la 41

Kuno kwa Mpondasi magetsi amabwera pakati pa usiku
ngati mlamu wothawa ngongole,
ndiye ndimagona swichi ili yoyatsa,
babu likandiwomba m'maso, sukulu yayamba.

Laputopu ndi ya malemu achimwene.
Batire linafa kale,
magetsi akangotsokomola, nayo yakomoka.

Ndikugawa manetiweki kuseri kwa kope la Asiyatu,
rauta yeniyeni sindinaigwirepo.
Thukuta ladonthera pa manambala,
255 wasanduka chithaphwi.

Mayesowa ngolipira m'madola.
Mbuzi ziwiri zinapita,
yachitatu ikumandiyang'ana cham'mbali.

Azana ya m'bandakucha yandipeza pa funso la 41,
bandulo ikupuma mwawefuwefu.
Amayi, popita kukaswali, aima pazenera:
"Che Twaibu, makinawo akuyankha?"

Ndati ayi,
koma ayamba kundimva.